MAU A PAKAMWA ABWERERE PA BWALO

Yooo Gawa!

Ambuye Kalonga Gawa Undi, Amai Nyangu, mafumu onse a m'Zambia muno ndi inu amene mwacokera ku Malawi ndi ku Mozambique, akuluakulu a Boma, aphunzitsi, alendo athu olemekezeka, amai ndi abambo, takupempherani malo. Ife a bungwe loona za mwambo ndi cikhalidwe ca Acewa tapatsidwa kanthawi kocepa kuti titule nkhani imodzi pamaso panu. Nkhaniyo ndi ya ndakatulo zolakatulidwa pakamwa, ndi ganizo lathu loti tiyambitse maphunziro ndi mipikisano ya ndakatulozo m'masukulu ndi m'midzi yathu. Tinene poyambirira pomwe kuti ngakhale m'bungwe lathu nkhani imeneyi sitinagwirizane tonse, ndipo ndi cifukwa cace taibweretsa kuno kumene milandu ya Acewa imathera.

Caka ca 1984 ndi caka cimene Mcewa aliyense ayenera kucidziwa, pakuti ndico caka cimene Kalonga Gawa Undi Chivunga anautsa mwambo uno wa Kulamba utagona zaka 50, cileke pamene boma la atsamunda linauletsa mu 1934. Tsono m'caka comweco, kutali uko ku Chicago m'dziko la America, munthu wina wogwira nchito ya zomangamanga, dzina lace Marc Smith, anayamba kusonkhanitsa alakatuli m'nyumba ina ya zoimbaimba. Munthuyu anali atatopa ndi kawerengedwe ka ndakatulo ka anthu ophunzira, oti maso ali pa pepala, mau ali pansipansi, omvera akuodzera. Iye anafuna kuti mlakatuli aziopa omvera ace monga m'mene woimba ng'oma amaopera obvina. Mu 1986 anasamutsira misonkhano yace ku nyumba yochedwa Green Mill, ndipo kumeneko ndiko kunakhazikika mpikisano umene lero dziko lonse liudziwa ndi dzina lakuti slam.

Malamulo ace ndi ocepa. Mlakatuli anene ndakatulo yopeka yekha. Apatsidwa mphindi 3, ndipo akapitirira amamdula mapointi. Saloledwa cobvala capadera, cida ciri conse m'manja, kapena coimbira. Oweruza ndi anthu 5 otoledwa mwa omvera omwewo, osati akatswiri ai, ndipo aliyense apereka nambala kuyambira 0 kufikira 10. Nambala yaikulu kopambana ndi yaing'ono kopambana zimatayidwa, nawonkhetsa zitatu zotsalazo. Omvera ali ndi ufulu wakuombera m'manja, wakung'ung'udza, ngakhale wakutsutsa oweruzawo mokuwa. Mpikisano woyamba wa dziko lonse la America unacitikira ku San Francisco mu 1990. Mu 1996 m'mzinda womwewo munabadwa bungwe la Youth Speaks limene linatengera nchitoyi kwa acinyamata, ndipo kuyambira mu 1998 kwakhala kukucitika msonkhano wa alakatuli acicepere wochedwa Brave New Voices. Kucokera kumeneko cinthuci cafalikira, cafika ku London, ku Johannesburg, ku Nairobi, ndipo ana athu a ku Lusaka ndi ku Lilongwe anaciona kale pa mafoni ao.

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sitikana. Koma titamva malamulo amenewa ena a ife tinayang'anana ndi kuseka, cifukwa kalumoka tinali nako kale m'nyumba, kungoti kanacita dzimbiri. Kodi wonena nthano akati "Panangokhala," omvera nayankha kuti "Tiri tonse," si omvera amene akuweruza? Akaleka kuyankha, wonenayo adziwa yekha kuti nthano yace yazizira. Kodi ana akamaponyerana zirapi madzulo, wina nati "Cirape," anzace nati "Nacize," si mpikisano wa mau umenewo? Nanga mai wosinja pamtondo, amene akwatira mwamuna waulesi kapena wokhala ndi apongozi olongolola, napeka nyimbo yace pomwepo, musi uli kugunda, mudzi wonse numva dandaulo lace koma wopanda womuimba mlandu: ameneyo tidzamucha ciani ngati si mlakatuli? Anamkungwi aphunzitsa anamwali ndi mau oumbidwa bwino kuti asaiwalike. Nkhoswe yodziwa kulankhula imazimitsa moto wa banja ndi mwambi umodzi. Ndipo Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, nyimbo zace zakhala zikudzudzula woledzera, wadama ndi wodzikuza kuyambira kale, osaopa nkhope ya munthu.

Ndi m'nthawi yathu yomwe tinali nao akatswiri. Amene muli ndi imvi mukumbukira malemu Julius Chongo ndi pologalamu yace ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Munthu mmodzi yekha anali kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi fisi, ndipo banja lonse linali kuunjikana pa kawailesi kamodzi, nsima nkumazizira m'mbale. Buku la ndakatulo la E. J. Chadza, Ntchito za Pakamwa, linasindikizidwa ku Lusaka konkuno mu 1963, ndipo la J. W. Gwengwe lochedwa Ndakatulo linatsatira mu 1967. Dzina la buku la a Chadza likutiuza kale kumene ndakatulo imakhala: pakamwa.

Nanga cinatisokoneza nciani? Mbali ina ndi sukulu. Kuyambira mu 1966 lamulo la maphunziro linaika Cingerezi kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira giredi 1, ndipo mibadwo ingapo inakula ikuyesa kuti nzeru zimalankhula Cizungu cokha. Ambiri a ife tinabvalako cikwangwani ca manyazi kapena kulimako m'munda wa sukulu cifukwa cogwidwa tikulankhula cilankhulo ca amai athu. Mbali ina ndi ife eni. Moto wa madzulo unazima, ana ali pa wailesi ya kanema, agogo ali okha m'khumbi.

Tinapita pa sukulu ina ya m'boma lino tsiku la zisudzo. Ana anaimirira pamzere nalakatula m'Cingerezi ndakatulo zoloweza pamtima, manja akuponyedwa uku ndi uku monga anawaphunzitsira, mau akukwera pamene sayenera kukwera. Titamfunsa mnyamata wina tanthauzo la zimene ananena, anangoti ndwii, maso pansi. Koma poturuka tinampeza mnyamata yemweyo kuseri kwa kalasi akusimbira anzace m'mene mbuzi ya atate ace inathawira pa msika wa Katete, ndipo anzacewo anali gone ndi phwete. Luso analinalo. Cimene analibe ndi munthu womuuza kuti cimene anali kucita kuseri kwa kalasico ndico cinafunika pa bwalo.

Motero maphunziro amene tikuganizawa sadzayamba ndi colembera. Adzayamba ndi khutu. Tifuna kuti pa sukulu iri yonse imene idzalola, mphunzitsi wa Cinyanja akhale pamodzi ndi nkhalamba ziwiri kapena zitatu za m'mudzi, mai ndi bambo, zodziwika kuti pakamwa pao mpothwa. Ana ayambe amva. Kenaka aphunzire kupuma, pakuti mlakatuli wosadziwa posungira mpweya amafera pakati pa ciganizo. Aphunzire kuti m'Cicewa kukweza kapena kutsitsa liu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango usiyana ndi mtengo wa pa msika, ndipo khungu la pathupi lisiyana ndi khungu la maso. Aphunzire mvekero, cuma cimene Cingerezi ciribe cofanana naco: kuti nyumba yangoti zii, magazi ali psuu, ufa uli mbee, mdima uli bii. Liu limodzi lotere ligwira nchito imene mizere itatu ikanalephera.

Pali cinthu cina cimene tifuna kucinena mosabisa kwa aphunzitsi athu. Musawakakamize ana kuti mizere yao izithera ndi maliu ofanana monga zicitira ndakatulo zambiri za Cingerezi. M'cilankhulo cathu liu liri lonse lithera ndi a, e, i, o kapena u, kotero kufananitsa mathero si luso lobvuta, ndipo mwana akamakusakasaka amapotoza ciganizo cace mpaka cimveke ngati ca mlendo. Kukoma kwa ndakatulo ya Cicewa kuli m'kubwereza, m'kuyankhana kwa mzere ndi mzere unzace, m'kukoka kwa liu kumene timacita tisanatsirize ciganizo, m'mwambi woponyedwa pa nthawi yace, ndi m'kusiyira omvera mpata woti abvomereze. Zimenezi agogo azidziwa ngakhale sanapite ku sukulu. Pepala libwere pambuyo, kuti cimene capekedwa cisatayike.

Tsono tifike pa zimene tatsutsana.

Coyamba ndi manambala. Akulu ena m'bungwe lathu akuti kupatsa ndakatulo 7 kapena 9 kuli ngati kuyesa cisoni ca munthu pa sikelo ya fodya. Mwana akalakatula za imfa ya mai wace, ndani angaimike cikwangwani ca 5? Mau amenewa ndi olemera, ndipo eni ace a slam ku America nawonso amadandaula kuti manambala amakokera alakatuli ku kukuwa ndi kulira kofuna mapointi. Komabe ife tiona kuti mpikisano ndiwo umakoka acinyamata. Magule a m'midzi yathu akhala akupikisana kuyambira kale, mudzi ndi mudzi, ndipo palibe ananena kuti ng'oma yanyozeka. Ganizo lathu ndi lakuti manambala akhalepo pa mipikisano ya masukulu a sekondale, koma kwa ana ang'onoang'ono ndi pa mabwalo a m'midzi aweruze ndi manja ndi nthungululu.

Caciwiri ndi ulemu. Slam ya kunja imalola mwana kunena ciri conse kwa wina aliyense. Kwathu kuno mwana saloza mkulu cala. Koma tisanamizane, abale: ngati tiwauza ana kuti alakatule zotamanda zokhazokha, adzatipatsa mau okoma opanda kanthu m'kati, ndipo zoona zao adzakanenera kwina kumene ife kulibe. Mtsikana amene acotsedwa sukulu kuti akakwatiwe ali ndi zaka 14 ali ndi mau. Mnyamata amene waweta ng'ombe za eni zaka zinai anzace ali m'kalasi ali ndi mau. Mlimi amene wagulitsa thonje pa mtengo wolira ali ndi mau. Ambuye Gawa Undi akhala akuletsa poyera maukwati a ana ang'ono. Nanga tidzatsekeranji pakamwa mwana amene afuna kunena zomwezo ndi liu lace? Mwambo wathu uli nayo kale njira yonenera coona cowawa popanda cipongwe, ndiyo kuphiphiritsa. Mai wa pamtondo uja sanachule dzina la munthu, koma wolakwayo anadzimva. Limenelo ndilo luso loti ana aphunzire, ndipo ndi lobvuta kuposa kutukwana. Lamulo lathu likhale lakuti dzina la munthu wamoyo lisachulidwe monyoza, koma nkhani isaletsedwe.

Cacitatu sitinatsutsane nkomwe, koma ticinene kuti cimveke. Za kudambwe ndi za m'tsimba si za pa mpikisano. Mwana angatamande Gule monga aonekera pa bwalo, angayamikire anamkungwi, koma zobisika zikhale kumene zikhala. Pa cifukwa cimeneci tifuna kuti pa mpikisano uli wonse pakhale mkulu wa mwambo mmodzi womva ndakatulo zisanafike pa gulu.

Cacinai ndico catibvuta koposa, ndipo mpaka lero sitinamange mfundo. Kodi mwana wa ku Matero kapena ku Chawama, amene Cinyanja cace ncosakanizika ndi Cibemba ndi Cingerezi, aloledwe kupikisana ndi mwana wa kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe? Ena akuti ai, cifukwa colinga cathu ndi kusunga Cicewa ceniceni. Ena akuti tikamtsekera kunja mwana wa m'tauni, amene kwao ndi konkuno ndipo mwina wabwera lero ndi makolo ace kudzalamba, tidzakhala tamuuza kuti si Mcewa mokwanira, ndipo sadzabweranso. Ambiri a ife tapendekera ku ganizo lakuti alowe ndi cilankhulo cimene ali naco, akhale pansi ndi anzace a kumudzi, amve yekha mau amene akumsowa. Koma tikudziwa kuti pakati panu pali odziwa kuposa ife, ndipo tidzamvera.

Zopempha zathu nazi. Kwa mafumu, tipempha bwalo, tsiku limodzi m'mwezi wa June kapena July pamene zokolola zalowa m'nkhokwe, ndi maina a nkhalamba zodziwa kulankhula za m'dera lanu, pakuti inu ndinu muzidziwa. Kwa akulu a masukulu, tipempha cipinda ndi mphunzitsi mmodzi wacangu. Masukulu ambiri ali kale ndi timagulu ta zisudzo timene timapita ku mipikisano ya NASAAZ, ndipo sitifuna kulanda nchito yao koma kuikapo dzanja. Kwa a malonda ndi ana athu okhala m'matauni ndi kunja, tipempha mabuku, makope ndi thandizo la ulendo. Mphotho tifuna zikhale mabuku ndi zofunika ku sukulu, osati ndalama za m'manja, kuopa kuti aphunzitsi angayambe kuwalembera ana ndakatulo kuti sukulu yao ipambane.

Ndipo kwa Ambuye Kalonga tipempha cinthu cimodzi. Ngati nkotheka, pa Kulamba kwa caka ca mawa, mafumu atatha kupereka malipoti a madera ao, papezeke mphindi 9 zokha, zitatu za mwana wa m'Zambia, zitatu za wa ku Malawi, zitatu za wa ku Mozambique, kuti aime pa bwalo lino la Mkaika opanda pepala m'manja. Nkhani ya mwana wa m'tauni ija taisiya m'manja mwa nduna zanu, ndipo yankho tidzalilandira kucokera kwa iwo.

 

Yooo Gawa!