Buku la Ngongole ndi Mwana wa Sukulu

Ine ndine mphunzitsi, ndipo nkhani yanga ndi ya nchito ina imene ana athu amapatsidwa ku sukulu, imene makolo ambiri saimvetsa mutu wace.

Kuyambira pamene Boma linakonza maphunziro atsopano m'caka ca 2013, ana ambiri m'dziko lathu anayamba kuphunzira za kompyuta. Tsono tsiku lina mwana amafika pa nyumba nanena kuti, "Aphunzitsi atiuza kuti tipeze munthu wa malonda amene ali ndi bvuto, ndipo timkonzere database." Atate amangomyang'ana. Amai amayankha kuti, "Zimenezo n'za ku sukulu, ife sitizidziwa." Ndifuna kukuonetsani kuti mukuzidziwa ndithu, ndiponso kuti popanda inu mwanayo sangathe kuigwira bwino nchitoyi.

Mau akuti database ndi a Cingelezi. M'cinenero cathu tinganene kuti ndi nkhokwe. M'nkhokwe ya kumudzi timasungamo cakudya. M'nkhokwe iyi timasungamo zolembedwa, monga maina a anthu, mitengo ya katundu, masiku ndi ndalama. Mai wanzeru sathira cimanga, nshawa ndi nyemba pamodzi. Ciri conse amacipatsa malo ace, kuti pamene afuna nyemba asayambe kufukula cimanga. Luso lonse la database lagona pamenepo: kudziwa zimene ziyenera kulekanitsidwa, ndi kudziwa njira yozipezera msanga.

Ndikuuzeni za mtsikana wina amene ndinamphunzitsa. Dzina lace sindilichula. Amace anali ndi kantemba m'komboni ya pafupi ndi mgodi, momwe anali kugulitsa unga, shuga, mcere, sopo, mafuta ophikira ndi kapenta. Monga mudziwa, malonda a m'komboni amayenda ndi tsiku la malipiro. Pakati pa mwezi anthu amatenga katundu pa ngongole, ndipo mwezi ukatha amabweza. Maiyo anali kulemba zonse m'buku limodzi la sukulu. Anthu anali kugula ndithu, koma caka ciri conse katundu anali kucepa pa mashelefu, ndipo ndalama zokagulira wina sizinali kukwanira. Anafika poganiza zotseka kantembako. Ndalama za mayunifomu ndi mabuku a mtsikanayo zinali kucokera momwemo.

Pamene ndinapereka nchitoyi, mtsikanayo anafuna kuthamangira ku kompyuta tsiku lomwelo. Ndinamletsa. Ndinati, "Pita ukakhale m'kantemba masiku angapo. Ukaone m'mene amai ako amalembera, ndipo ukafunse." Akulu anati safunsa anadya phula. Ana ambiri amalephera nchito imeneyi cifukwa amakonza cinthu cokongola cimene siciyankha bvuto la munthu ali yense.

Atabwera, anandionetsa zimene anapeza m'bukumo. Coyamba, munthu mmodzi anali ndi maina atatu. Patsamba lina analembedwa "a Mwale", pena "a Mwale a pampopi", pena "atate a mapasa". Ngongole yace inali yomwazika, ndipo iye pobweza anali kulipira ya tsamba limodzi lokha. Caciwiri, anthu awiri anali ndi dzina limodzi. Kunali a Phiri ogwira nchito pansi pa mgodi, ndi a Phiri ena alonda. Mwezi wina ndalama zimene analipira a Phiri a pansi zinafafaniza ngongole ya a Phiri alonda. Panabuka mkangano, ndipo munthu wokhulupirika uja analeka kugula pamenepo. Cacitatu, panalibe njira yodziwira kuti ngongole zonse pamodzi ndi zingati, koma kuwerenga buku lonse kuyambira tsamba loyamba.

Apa ndi pamene nchito ya sukulu inayambira, ndipo inayambira pa pepala. Mtsikanayo anagawa buku la amace m'mindandanda inai, imene a kompyuta amaicha matebulo. Mndandanda woyamba unali wa ogula: dzina, nambala ya nyumba ndi nambala ya foni. Waciwiri unali wa katundu: dzina la cinthu, mtengo wace, ndi kucuruka kwa zotsala. Wacitatu unali wa zotengedwa: tsiku, amene watenga, cimene watenga, ndi kuti watenga zingati. Wacinai unali wa zobwezedwa: tsiku, amene walipira, ndi ndalama zace.

Tsono funso ndi ili: mindandanda inai yosiyana ingagwirizane bwanji? Inu a ku migodi yankho mukulidziwa kale. Pa mgodi pali a Banda ambiri, koma ofesi ya malipiro siwasokoneza, cifukwa munthu ali yense ali ndi nambala yace ya mgodi imene mnzace alibe. Ndi cimodzi-modzi ndi nambala ya pa citupa ca NRC. Mtsikanayo anapatsa wogula ali yense nambala yace, ndi cinthu ciri conse ca m'kantemba nambala yace. A Phiri a pansi anakhala 7, a Phiri alonda 12. Maina atatu aja a a Mwale anasanduka nambala imodzi. M'mndandanda wa zotengedwa simulembedwanso dzina, koma nambala yokha. Ndipo kompyuta ikafuna dzina, imatsata nambalayo kufikira ku mndandanda wa ogula. Cotero dzina la munthu limalembedwa kamodzi kokha, pa malo amodzi. Akasamuka nyumba, mumakonza mzere umodzi, ndipo zonse zakonzeka.

Nzeru imeneyi iri ndi mbiri yace. M'caka ca 1494, mu mzinda wa Venice ku Italy, munasindikizidwa buku la Luca Pacioli lofotokoza m'mene amalonda a kumeneko anali kulembera zolowa ndi zoturuka kuti ziwerengero zigwirizane. M'caka ca 1890, powerenga anthu a dziko la America, anagwiritsa nchito makina a Herman Hollerith, amene anali kuwerenga makadi obooledwa. Koma njira ya mindandanda yolumikizidwa ndi manambala inalongosoledwa m'caka ca 1970 ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England, amene anali kugwira nchito ku kampani ya IBM ku San Jose, m'dziko la America. Cimene iye anafuna kuthetsa ndi bvuto lomwe lija la m'buku la ngongole: cinthu cimodzi cikalembedwa pa malo ambiri, tsiku lina malowo adzatsutsana. Lero mabanki, zipatala ndi maofesi a malipiro amasunga zolembedwa zao mwa njira imeneyi. Mwana wanu pokonzera kantemba akuphunzira nchito yomweyo, koma pa muyeso waung'ono.

Atatha kujambula pa pepala, mtsikanayo anakhala pa kompyuta ya ku sukulu. Anagwiritsa nchito Microsoft Access, ndipo analowetsamo zonse za m'buku za miyezi itatu. Pamenepo anayamba kuifunsa mafunso, pakuti ubwino wa database uli m'kufunsa. Kodi a nambala 7 atsala ndi ngongole yanji? Ndani amene sanalipire kanthu miyezi iwiri? Ndi katundu uti amene watsala pang'ono kutha? Funso limene amace anali kulitayira usiku wonse pa nyali, kompyuta inali kuliyankha munthu asanakhale pansi.

Iye anakondwa naganiza kuti nchito yatha. Koma lamulo la nchito imeneyi ndi lakuti uiyese pamaso pa mwini malonda. Tinaitana amace ku sukulu. Anabwera atabvala citenje cao ca pa Sabata, nakhala patali ndi kompyuta ngati ingawalume. Mwana anawaonetsa zonse. Kenaka iwo anati, "Shuga wakwera mtengo sabata ino. Tauza makina akowo." Mwana anasintha mtengo wa shuga m'mndandanda wa katundu. Amaiwo anati, "Tandionetsanso ngongole ya a Mwale." Ataiona anapukusa mutu. "Iai, mwanawe. Ngongole iyi yakwera bwanji? A Mwale anatenga shuga mwezi watha pa mtengo wakale. Ukawalipitsa mtengo wa lero, ndiye kuti ndawabera."

Anali kunena zoona. Kompyuta inali kuwerengera ngongole zonse, zakale ndi zatsopano, pa mtengo wa tsiku limenelo. Mtsikanayo anagwira lamulo lolemba cinthu kamodzi kokha, koma sanazindikire kuti mtengo wa lero ndi mtengo wa tsiku logula ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wa lero umasintha. Wa tsiku logula ndi pangano, ndipo susinthanso. Anaonjezera malo ena m'mndandanda wa zotengedwa, olembamo mtengo wa tsiku lomwelo. Ine mphunzitsi ndinaiyang'ana nchitoyo kawiri osaona colakwaco. Anaciona ndi mai amene sanakhudzepo kompyuta cibadwire, cifukwa iye anali kudziwa malonda, ndiponso anali kudziwa cilungamo.

Panatsala cinthu cimodzi. Ataphatikiza katundu yense wogulidwa ku sitolo yaikuru, nacotsapo wogulitsidwa ndi wa ngongole, ziwerengero sizinagwirizane ndi zimene zinali pa mashelefu. Sopo, shuga ndi mafuta zinali kusowa mwezi uli wonse. Poyamba anaganizira mbala. Koma mtsikanayo atakhalanso m'kantemba, anaona mlongo wace alikutenga sopo wocapira, azakhali alikutapa shuga wa tiyi wa alendo, ndi iye mwini anakumbukira mabanzi amene anali kunyamula popita ku sukulu. Panalibe wolemba, pakuti ndani amalemba ngongole m'nyumba mwace? Tsono anapatsa nyumba yao nambala, monga wogula wina ali yense. Mwezi utatha, nyumbayo inapezeka pakati pa angongole akuru. Palibe amene anakalipidwa. Anangopangana kuti cotengedwa ciri conse cilembedwe, ndi kuti atate azibweza pa tsiku la malipiro.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife amene tiribe kompyuta pa nyumba, ndipo magetsi amazima, tipindulanji?" Banja lija nalonso linalibe. Cimene anacita ndi kugula mabuku anai m'malo mwa limodzi, nalemba manambala monga mwana anakonzera. Kompyuta imafulumiza kuwerenga, koma dongosolo limakhala m'mutu mwa munthu. Ukathira zosokonezeka m'makina, amakubwezera zosokonezeka zomwezo mofulumira. Kantemba kaja sikanatsekedwe, ndipo a Phiri a pansi, ataonetsedwa mzere wao, anayambanso kugula.

Ndisanatsirize, ndiri ndi mau awiri kwa ana a sukulu. Oyamba ndi a cinsinsi. Buku la ngongole liri ndi manyazi a anthu. Simuyenera kuonetsa anzanu kuti atate a uje sanalipire. Popereka nchito kwa aphunzitsi, sinthani maina ndi manambala a foni. M'caka ca 2021 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza zolembedwa za anthu, lochedwa Data Protection Act; koma ngakhale lamulolo lisanabwere, mwambo wathu unali kuletsa kale kuulula umphawi wa mnansi. Aciwiri ndi akuti musasunge nchito yanu pa malo amodzi okha. Kompyuta imafa, ndipo kacipangizo kosungiramo kamatayika. Ndaona ana akulira sabata lomaliza cifukwa nchito ya miyezi itatu yazimirira. Sungani pawiri, ndipo mapepala amene munajambulapo poyamba musawataye, cifukwa amaonetsa m'mene munaganizira.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi ili. Mwana akabwera kudzafunsa za malonda anu, kaya ndi kantemba, kaya ndi cigayo, kaya ndi nchito yosoka kapena yokonza magalimoto, musambweze. Mturutsireni bukulo, ngakhale liri long'ambika ndi lothimbirira mafuta. Muuzeni pamene pamakubvutani. Akakonza cinthu cace, pitani mukacione, ndipo mucifunse mafunso obvuta monga anacitira mai uja. Iye ali ndi makina, inu muli ndi malonda; mutu umodzi susenza denga.

Sabata la mawa, nthawi yomwe ino, tidzakambirana za kuika mtengo pa katundu kuti phindu lioneke. Tsalani bwino nonse, ndipo inu olowa nchito ya usiku, muyende bwino.