Tisamale Abwenzi Athu a m'Nthaka Pansi pa Mitengo ya Zipatso

 Tonse tikumbukira cilala ca 1992, ndiponso ca 2024 pamene Boma linalengeza tsoka la dziko lonse pa 29 February. Cimanga cinauma, koma mitengo ya mango, magwafa ndi malalanje inapirira. Mitengo iyi ndi nkhokwe yathu yaciwiri.

Koma onani bvuto. Mwana atola bango looneka bwino, kulitsegula apeza mphutsi. Izi ndi ana a nchenche za zipatso. Cipatso cikagwa, mphutsi zituluka ndi kulowa m'nthaka, m'mene zisanduka nchenche zatsopano.

M'nthaka momwemo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, tambiri tosafika milimita imodzi. Akatswiri atichula manematodi. Musatisokoneze ndi tija totupitsa mizu ya matimati. Tabwinoti, ta mitundu ya Steinernema ndi Heterorhabditis, tilowa m'thupi la mphutsi ndi kutulutsamo mabakiteriya. Mphutsi ifa m'masiku awiri, ndipo ito tiswana m'mtembomo ndi kutuluka kukafuna ina. Ku South Africa anatiyesa m'minda ya malalanje polimbana ndi mbozi zoononga zipatso.

Funso ndi ili: tikhala nthawi yotani m'nthaka? Tiyenda ndi cinyezi. Dzuwa ndi dothi louma zitipha msanga. Ngakhale kumene agula ndi kuthira, ticepa kwambiri patapita masabata ocepa, pokhapo ngati pali cinyezi, mthunzi ndi mphutsi zoti tiswaniremo.

Poyenda m'makomo muno ndaona amayi asesa pansi pa mtengo mpaka mbee, ndi kutentha masamba onse. Ukhondo ndi wabwino, koma patsinde tisiyepo. Ticite izi:

1. Konzani beseni kuzungulira mtengo kuti madzi a mvula alowe pansi.
2. Phimbirani ndi udzu ndi masamba, koma asakhudze tsinde cifukwa ca ciswe.
3. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo thirani pamtengo madzulo.
4. Musathire mankhwala ophera tizilombo m'nthaka popanda uphungu wa alangizi.
5. Tolani zipatso zakugwa tsiku ndi tsiku. Zoola mangani m'pulasitiki ndi kuika padzuwa, kapena kwirirani m'dzenje lakuya theka la mita.

Tinyongolotsi patokha sitingathe nchenche zonse, ndipo mutu umodzi susenza denga. Nchenche za kwa mnansi ziulukira kwanu, conco uzani a pafupi nanu kuti muyambe pamodzi mango asanapse mu November.