Batala Wathu Ali M'nkhokwe

Amayi anzanga, ndaima pano kuti tikambirane za batala wopanda mkaka.

Majarini amene timagula m'sitolo anayambira ku France m'chaka cha 1869. Poyamba ankawapanga ndi mafuta a ng'ombe, koma tsopano amachokera ku mafuta a zomera. Ena amathiramo mkaka pang'ono, choncho muziyamba mwaŵerenga papepala ngati mwana wanu sayanjana ndi mkaka.

Koma ife a kuno ku Chinguluwe tidandaulirenji ndalama, chiponde tili nacho? Kazingani mtedza pa moto wochepa, makamaka wa CG7 umene uli ndi mafuta ambiri. Fikisani, petani, sinjani mu mtondo mpaka uterere, ndipo thirani kamchere. Pakani pa mbatata kapena chinangwa. M'chigumu masupuni aŵiri akwana.

Pamene ndikudandaula ndi apa, amayi. Mtedza wabwino timagulitsa, wachuku n'kusiyira ana athu! Chiphe cha chuku sichitha ndi moto, ndipo chimaononga chiŵindi. Chonde, tileke kuwaza madzi pa makoko posenda, ndipo wofwifwa ndi woŵaŵa tiziutaya tisanakazinge.