Buku ndi Dima: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokhazikitsa Mabuku a Olemba Odzisindikizira Okha



Kalata yondiitana itandipeza, ndinaona kuti mwadzitchula olemba odziimira paokha. Ndamva chimene mukutanthauza. Palibe kampani yosindikiza mabuku imene inakutolani. Ndalama ya pepala, ya inki ndi ya chikuto inatuluka m'thumba mwanu. Ena munagulitsa mbuzi, ena munakongola ku banki m'khonde, ena munamana ana ndiwo kwa miyezi ingapo. Ndipo mwachita izi pa nthawi yowawa, chifukwa pepala losindikizira mabuku limachokera kunja, ndiye ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buku lililonse unakwera nthawi yomweyo. Pa kulimba mtima kumeneku, ndakuvulirani chipewa.

Koma mundilole ndikutsutseni pa chinthu chimodzi. Pa mabuku onse ali patebulopo, palibe ngakhale limodzi limene lafika pano ndi manja a munthu mmodzi.

Kwathu munda ukakulira mwiniwake, ankaitana dima. Amayi ankaphika thobwa, anthu n'kulawirira ndi makasu awo mame ali mbuu, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo munda wonse unkakhala utapalidwa. Chimanga chikacha chinali cha mwini munda, palibe ankalimbirana naye nkhokwe. Komabe mwini munda uja ankadziwa bwino amene anagwira mzere uti, ndipo mnzake akaitana dima mawa lake, iye ndiye ankayamba kufika. Pachikuto pa buku pamakhala dzina limodzi, ndipo n'koyenera kutero. Koma kumbuyo kwa dzinalo kuli amene anawerenga nkhaniyo idakali yaiwisi, amene anabwereka kompyuta, amene anajambula chikuto pa mtengo wachibale, ndi mayi wa kunyumba amene ankagoneka ana msanga kuti m'nyumba mukhale bata.

Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. Mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena pa Chancellor College anayamba kukumana sabata ndi sabata n'kumawerengerana zimene alemba. Gulu limenelo ndi lija lotchedwa Writers Group, ndipo mwa amene anadutsamo muli a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande ndi a Frank Chipasula. Inali nthawi imene buku lililonse linkayang'anidwa ndi diso la bungwe lopima zolemba, nthawi imene mawu amodzi olakwika ankatha kumutayitsa munthu ufulu. Iwowa ankagawana mapepala, wina n'kuwerenga ndakatulo yake, anzake n'kuisenda ngati nzimbe mwiniwake ali pomwepo. Chaka chotsatira, mu 1971, anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Kanali kabuku kakang'ono, koma mayina amene anatuluka m'gulu limenelo lero akuwerengedwa m'masukulu a ukachenjede kunja konse.

A Mapanje atamangidwa mu Seputembala 1987 n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, anakhalamo zaka 3 ndi miyezi 7. Amene anakana kuti dzina lawo liiwalike anali olemba anzawo a m'maiko osiyanasiyana, ambiri a iwo osawadziwa ngakhale nkhope. Ankalemba makalata, ankawerenga ndakatulo zawo pagulu, ankafunsa mosatopa kuti munthuyu ali kuti, mpaka anatuluka mu Meyi 1991. Ndikamati olemba azigwirana manja, sindikunena zongosekererana pa mwambo ngati uno ayi. Nthawi zina nkhaniyi imafika pa moyo weniweni wa munthu.

Nanga zodzisindikizira zokhazi, mukuyesa mwayamba ndinu? A Aubrey Kalitera anayambitsa Power Pen Books ku Blantyre n'kumatulutsa okha mabuku awo m'zaka za m'ma 1980, monga lija lotchedwa Why Father Why, kulibe kompyuta m'nyumba, kulibe intaneti. Malemu Pulofesa Steve Chimombo, amene anatisiya mu 2015, anayendetsa magazini ya WASI kwa zaka zambiri, n'kumalembamo za olemba ndi aluso anzawo kuti ntchito zawo zisazimirire. Njira imene mukuyendayi inalambulidwa ndi ena, ndipo kuthokoza kwathu kuyambire kwa iwowo.

Tsopano ndikuuzeni za ine mwini, chifukwa pali chinthu chimene ndakhala nacho kukhosi zaka zambiri.

Nditamaliza kulemba buku langa loyamba, pamanja, m'makope a sukulu, ndinalipereka kwa mayi wina amene tinkaphunzitsa limodzi. Anali mphunzitsi wa Chichewa, wamkulu kwa ine, wosalankhulalankhula. Analitenga, n'kukhala nalo masabata atatu. Tsiku lobweza anandiitanira pakhonde pawo madzulo, anandiyalira mphasa, n'kutsegula kope loyamba. Tsamba lililonse linali psuu ndi inki yofiira. Anandionetsa pamene ndinalemba Chichewa chomveka ngati Chingerezi chovala chitenje. Anandionetsa mwambi umene ndinauika pamalo posayenera. Kenako anatsegula mutu 9, anaika chala pa dzina lina, n'kundifunsa mofatsa kuti, "Aphunzitsi, agogo awa amene akuweruza mlandu apawa, si aja tinawaika m'manda m'mutu 4?" Ndinayang'ana, ndipo zinalidi choncho. Ndinali nditawerenga nkhaniyo kambirimbiri osaona. Madzulo amenewo tinakhala pamphasapo mpaka anayatsa nyali ya galasi, iwo akuwerenga mokweza, ine ndikukonza. Sanandilipiritse ngakhale tambala. Pochoka anandipatsanso chinangwa chophika kuti ndidyere m'njira.

Bukulo linatuluka. Ndinathokozamo Mulungu, ndinathokozamo makolo anga, koma dzina la mayiwo mulibe. Sikuti ndinawaiwala. Ndinkaopa kuti anthu anganene kuti anandilembera. Ndinadziuza kuti ndidzawatchula posindikiza kachiwiri. Pamene ndinkapeza ndalama yosindikizanso, mayiwo anali atatsikira kulichete. Ndinapita kumaliro ndi buku m'thumba, ndipo panalibe woti ndimupatse. Mpaka lero ndikatsegula tsamba lothokozalo, mtima umandipweteka.

Ana anga, musachite zimene ndinachita ine. Munthu amene wakuthandizani, mutchuleni dzina akadali moyo, akumva ndi makutu ake. Kutchula amene anakonza buku lanu sikuchepetsa luso lanu. Wowerenga wanzeru akaona kuti bukuli linadutsa m'manja mwa ena, amalikhulupirira kwambiri.

Ndipo onani kuti thandizo limene mayi aja anandipatsa linali lowawa. Akanatha kungondiuza kuti nkhani yakoma, ine n'kupita kwathu ndikumwetulira, agogo akufa aja n'kumaweruzabe mlandu m'mabuku onse. Masiku ano mnzathu akaika chikuto cha buku lake pa Facebook, tonse timathamangira kulemba kuti zabwino zonse, ndipo n'zabwinodi kutero. Koma ndi angati mwa ife amene amapempha kuti, bwera nalo ndiliwerenge lisanapite kosindikiza? Kampani zikuluzikulu zili ndi akonzi olipidwa pa mwezi. Inu mulibe. Mkonzi wanu ndi mnzanu wakhala pambali panuyo. Akakupatsani zolemba zake, werengani ndi cholembera m'manja, muuzeni zoona mwaulemu, awiriwiri, osati pagulu. Nanunso akakubwezerani zanu zitafiira, musamusungire chakukhosi. Wakuchotsani chitsotso m'diso.

Palinso nzeru zing'onozing'ono zimene timabisirana popanda chifukwa. Wina akudziwa kuti nambala ya ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndiponso kuti buku likatuluka kumayenera kusiyidwa kope kumeneko kuti lisungidwe, koma mnzake akuvutika kufunsa uku ndi uku iye ali chete. Wina akudziwa mmene munthu amalembetsera ntchito zake ku COSOMA kuti zitetezedwe. Wina anapeza wosindikiza amene amamata bwino, masamba osathothoka, koma safuna kuulula poopa kuti mnzake amuposa. Amuposa chiyani? Munthu amene wagula buku la mnzanu n'kulikonda ndi yemweyo amene adzafunefune lanu mawa. Vuto lathu m'dziko muno ndi kuchepa kwa anthu ogula mabuku, ndipo buku labwino lililonse limawonjezera chiwerengero chawo. Akuluakulu anati lende n'kukankhana.

Chimodzi chokha ndinene mwamphamvu. Buku la mnzanu likakufikani pa WhatsApp laulere, musalitumize kwa ena. Mufunseni amene wakutumizirani ngati mwiniwake akudziwa. Munthu anagulitsa mbuzi kuti bukulo lituluke. Ife olemba tikakhala patsogolo kugawa thukuta la mnzathu, sitingadandaule ena akamachita zomwezo ndi lathu. Chimodzimodzinso chizolowezi chopempha buku laulere chifukwa choti timadziwana. Ngati mumamukondadi mnzanuyo, khalani woyamba kulipira mtengo wonse, ndipo mukapita kukagulitsa anu kusukulu kapena kutchalitchi, muikemo asanu a mnzanu m'katoni yomweyo. Mtengo wa minibasi ndi umodzimodzi.

Kwa inu makolo ndi abale, amuna ndi akazi a olembawa, ndikudziwa kuti nthawi zina mumadabwa kuona munthu wamkulu atakhala pakandulo usiku wonse, magetsi atazima, akulemba zinthu zosabweretsa ufa m'nyumba. Mwapirira, ndipo mabuku ali apowa ndi anunso. Kwa inu aphunzitsi, tengani mabukuwa mukawaike m'manja mwa ana. A Samuel Josia Nthara analemba Nthondo mu 1933, ndipo dzina lawo tikulitchulabe lero chifukwa panali anthu amene anawerenga bukulo n'kulipereka kwa ena.

Wapampando, ndisanakhale pansi ndili ndi pempho. Ndikufuna wolemba aliyense amene buku lake tikulikhazikitsa lero aimirire, mmodzimmodzi, atchule mokweza dzina la munthu mmodzi amene anamugwira dzanja, ndipo ngati munthuyo ali m'chipinda chino aimirirenso timuombere m'manja. Zikatha zimenezo ndipita patebulopo kukagula buku limodzi kwa wolemba aliyense, pa mtengo wake wonse, ndipo ndikupempha kuti mudzandilole kubwera nawo atafiira ndi inki, tidzakhale pamphasa tikambirane.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mabukuwa akhazikitsidwa. Woyamba aimirire.