Funsani Mtengo Botolo Lisanatsekulidwe

Lero sindikamba za mbewu ayi, koma za ndalama zimene mbewuzo zimakupatsani.

Mlimi akagulitsa thonje kapena mtedza wake, amalowa m'lesitilanti pa boma kuti adye nsima ya chambo ndi kutsitsira Fanta. Pofuna kulipira, amuuza mtengo woposa umene kampani idalengeza. Kodi pamenepa amubera?

Tamverani bwino. Mtengo umene kampani imalengeza kapena kulemba pa botolo ndi wongolangiza ogulitsa. Mwini lesitilanti angathe kuonjezerapo chifukwa cha furiji, mipando ndi antchito ake. Koma lamulo loteteza ogula la 2003, pamodzi ndi lamulo la 2024 loona za chilungamo pa malonda, likufuna kuti wamalonda aonetse mitengo yake poyera. Akalemba mtengo pa khoma, asakulipiritseni wina pa tebulo.

Tsono chitani izi. Funsani mtengo botolo lisanatsekulidwe, pakuti lotsekula silibwezedwa. Ngati atenga ndalama ya chikole cha botolo, akubwezereni mukapereka botololo. Pemphani lisiti. Akakunyengani musayambe ndewu. Kadandauleni ku bungwe la boma la CFTC kapena ku bungwe la ogula la CAMA, lisiti lili m'manja.

Inu mafumu, kakambeni zimenezi pa bwalo kuti anthu anu adziwe. Khasu n'lolemera, ndipo ndalama yake isamatayike chifukwa chochita manyazi kufunsa.