Chikombole Chatsopano pa Nyumba Yakale



Madzulo ano tikambirana dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu ogwiritsa ntchito makompyuta. Iwo amati: pulogalamu yakale imene ikugwira bwino ntchito, bwanji eni ake sangoikongoletsa kuti ioneke yamakono? Kodi si kungopaka utoto basi? Ayi ndithu, ndipo mbiri ya pulogalamu yotchedwa GIMP itisonyeza chifukwa chake.

GIMP ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi. Anaiyamba m'chaka cha 1995 ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya ku Berkeley, m'dziko la America, Spencer Kimball ndi Peter Mattis. Tsono dziwani kuti mabatani, mawindo ndi mindandanda ya zosankha zimene timaona pa pulogalamu, wolemba sazipanga yekha chimodzichimodzi. Amazitenga m'gulu la zida zokonzeratu limene akatswiri amalitcha toolkit. Toolkit ili ngati chikombole choumbira njerwa, pakuti njerwa zonse za nyumba zimatengera kukula kwake. Poyamba GIMP inkadalira chikombole chotchedwa Motif, kenaka eni ake anapanga chawochawo, dzina lake GTK, chimene mapulogalamu ena ambiri anadzachitengera.

M'chaka cha 2011 kunatuluka GTK 3. Koma GIMP, imene inabereka GTK, inakhalabe pa GTK 2 kufikira mwezi wa Malichi 2025, pamene GIMP 3.0 inatuluka. Zaka 14 zathunthu! Pa nthawiyo n'kuti GTK 4 itatuluka kale m'chaka cha 2020.

Chinachedwetsa ntchito n'chiyani? Mmisiri aliyense amadziwa kuti akasintha chikombole, njerwa zatsopano sizilumana ndi zakale. Momwemonso malo ambirimbiri m'pulogalamuyo anayenera kulembedwanso, uku anthu akuigwiritsabe ntchito tsiku ndi tsiku. Ndiponso ogwira ntchitoyo anali ochepa, ambiri a iwo ongodzipereka pa nthawi yawo yopuma.

Mwina wina afunsa: nanga bwanji sanangokhala pa chakalecho? Zifukwa zinalipo. Pa makompyuta atsopano oonetsa zithunzi zosalala kwambiri, zizindikiro za pulogalamu yakale zinkachepa ngati nyerere, munthu n'kumachita kutsinzina kuti azione. Kuwonjezera apo, m'chaka cha 2020 opanga GTK analengeza kuti GTK 2 yafika pa mapeto ake. Khoma limene likung'aluka popanda wolimata silichedwa kugwa.

Komabe walira mvula walira matope. Wojambula zithunzi amene manja ake anazolowera malo a batani lililonse ayenera kuphunziranso. Timapulogalamu tothandizira timene anthu analemba m'chinenero cha Python 2 sitigwira ntchito mu GIMP 3.0 pokhapokha titakonzedwanso. Kwa munthu amene amadyera ntchito imeneyi, tsiku limodzi lotayika ndi ndalama.

Chotero, omvera, musanasamukire ku pulogalamu ya maonekedwe atsopano, sungani padera mafayilo a ntchito yanu, ndipo fufuzani ngati zida zimene mumadalira zikugwirabe. Musasamuke pakati pa ntchito ya mwini. Ndipo mukaona pulogalamu yooneka yachikale, musafulumire kuinyoza. Mwina amisiri ake ali pansi, akulimbitsa maziko.