Manja a Mayi ndi Botolo la Mofini

Pamsonkhano wa m'mudzi wina kufupi ndi pa Chitakale, mlangizi wa zaumoyo anayamba ndi funso lomwe anthu sakonda kulimva: mwana wodwala khansa akabwera kunyumba madokotala atanena kuti mankhwala ochiza akanika, banja lichitenji?

Agogo ena anati chatsala n'kupemphera. Mlangizi anavomereza, koma anawonjezera kuti manja nawo ali ndi ntchito.

Anaitana mayi wina kuti akhale pamphasa ndi mwana wake. Anamuuza adonthezere mafuta ophikira m'manja, awafikise mpaka afunde, kenaka asisite mapazi ndi msana pang'onopang'ono, akuyimba chapansipansi nyimbo yomwe mwanayo amakonda. Pachotupa osakanikizapo. Mwana akakana, osamukakamiza, chifukwa thupi lomwe latopa ndi majekeseni nthawi zina limangofuna dzanja lokhala phee pamutu.

Anati njira zogwiritsa ntchito manja ziliponso kunja. Ku Japan, Mikao Usui anayambitsa Reiki cha m'ma 1920, njira yoika manja pa wodwala, ndipo zipatala zina za ku Ulaya ndi America zimailola. Eni ake amati m'manjamo mumadutsa mphamvu. Asayansi sanaipeze mphamvuyo, ndipo palibe umboni woti imachiza khansa. Chomwe chimaoneka n'choti ana ena mantha amachepa n'kupeza tulo. Choncho wina akabwera kufuna mbuzi kapena ndalama ati achotse chotupa ndi manja, amfumu amubweze.

Apa mlangizi analimbitsa mawu: ululu wa khansa sutha ndi kusisita kokha. Mofini wakumwa amapezeka kuzipatala zopereka chisamaliro chochepetsa ululu, monga ku Mulanje Mission, ndipo ku Queens ku Blantyre kuli gulu la Umodzi lomwe limasamalira ana otere. Amamwetsa maola anayi alionse, pamlingo womwe achipatala alemba, osadikira kuti mwana ayambe kulira. Mofiniyu amaumitsa m'mimba, n'chifukwa chake amaperekanso mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndipo papaya wakupsa amathandizako.

Bambo wina anafunsa ngati mofini safulumizitsa imfa. Ayi, anatero mlangizi, bola mlingo utsatidwe.

Asanabalalike anawakumbutsa za Burkitt lymphoma, khansa yofala mwa ana m'Malawi, yotupitsa nsagwada kapena mimba m'masabata ochepa. Ana ambiri amachira akafika msanga kuchipatala, ndiye oona chotupa chotere asataye nthawi ndi kutemera mphini.